Tisanakweze mlongoti paphiri, tiyambe takambirana za nthambo

Aliyense amene anayendapo m'midzi ya kucigwa ca Luangwa, kumadera a Mambwe, Lumezi ndi Chama, adziwa kuti foni ya m'manja ili ndi malire ake. Pali midzi kumene munthu afunika kukwera pa culu kapena kuyenda mtunda wautali kuti apeze netiweki. Nthawi ya dzinja, mitsinje ikadzala, uthenga wa mai amene wavutika pobereka, kapena wa mkhristu amene afuna mafuta a odwala, ufika mocedwa. N'cifukwa cake m'makhonsolo a maparishi ndi m'makomiti a zaumoyo mumabuka ganizo lakuti tisonkhe ndalama, tigule mawailesi olankhulirana aja ambiri awachula kuti ova-ova, ndipo tiike makina a ripita paphiri.

Ganizoli ndi labwino, ndipo Mpingo sunaopepo wailesi. Papa Pius XI anatsegula Vatican Radio pa 12 February 1931, ndipo amene anaimanga anali Guglielmo Marconi mwini wake. Koma ndalama za nchito yotere kuno kwathu zicokera m'miphakati, kwa amai ogulitsa tomato ndi kwa alimi amene apereka thini ya nshawa kapena ya cimanga. Ndalama zotere ziyenera kuopedwa. Tiona kuti pamisonkhano anthu akambirana kwambiri za mtengo wa makina ndi za kutalika kwa mlongoti, koma nkhani ya nthambo aisiyira wogula kuti akaone yekha ku Lusaka. Pamenepo ndi pamene ndalama za akhristu zitayikira.

Ripita ndi ciani?

Wailesi ya m'manja ili ndi mphamvu yocepa, mawati 5 cabe kapena kuceperapo. Mafunde ake, amene akatswiri awachula kuti VHF, ayenda molunjika monga kuwala kwa toci. Phiri likaima pakati, mau apita osafika. Ripita ndi makina amene aikidwa pamalo okwera. Amva mau ofooka ocokera ku wailesi ya m'manja ndipo nthawi yomweyo awatumizanso ndi mphamvu yaikulu pa nambala ina ya mafunde, kuti onse okhala mbali zonse za phiri amve.

Cimene cipatsa ripita mtunda ndi kukwera kwa eriyo yake. Pamalo a cidikha, eriyo yokwezedwa mamita 9 iona pafupi-fupi makilomita 12. Yokwezedwa mamita 36 iona makilomita 25. Apa tiona kuti kuti mtunda uwirikize kawiri, kutalika kuyenera kuwirikiza kanayi. Koma eriyo yoikidwa paphiri limene lakwera mamita 300 pamwamba pa midzi yozungulira ingafike makilomita 70. Motero mlongoti waufupi paphiri labwino upambana mlongoti wautali ndi wodula woimikidwa pabwalo la chalichi kucidikha. Phiri Mulungu anatimangira kale, sitilipira simenti.

Ciyambi ndi cilolezo

Mafunde a wailesi si a munthu aliyense. Mu Zambia, bungwe la ZICTA, limene linalowa m'malo mwa Communications Authority mu 2009, ndilo lipereka manambala a mafunde ndi laisensi yake. Tisagule makina tisanalandire manambala amenewo, cifukwa eriyo ndi zipangizo zina zicunidwa molingana ndi manambala amene mwapatsidwa. Ngati colinga ndi kukweza mau a wailesi youlutsa nkhani pa FM, pafunikanso cilolezo ca IBA. Mlongoti wautali, makamaka kufupi ndi bwalo la ndeke monga la Mfuwe kapena la Chipata, ufunika kuti a zandeke audziwe.

Phiri nalonso lili ndi eni ake. Tipite kwa anyakwawa ndi kwa amfumu mwaulemu, timve ngati pamalopo pali manda kapena malo amene makolo anali kulemekeza, ndipo cimene tagwirizana cilembedwe pa pepala. Ngati paphiripo pali kale nsanja ya kampani ya mafoni, tifunse mtengo wobwereka malo. Nthawi zina kubwereka kuchipa kupambana kumanga. Safunsa anadya phula.

Nthambo imene idya mau

Pakati pa makina amene ali pansi ndi eriyo imene ili pamwamba pali nthambo yochedwa coaxial. Pakati pake pali waya, pozungulira pali pulasitiki yoyera, kenaka cophimba ca citsulo, ndipo kunja kuli khungu lakuda. Nthambo iliyonse idyako mphamvu ina m'njira, monga paipi yodontha imene itaya madzi isanafike kudimba. Kusiyana kuli pa kuculuka kwa zimene itaya.

Coyamba, nthambo ya TV kapena ya dishi, ija ipezeka m'sitolo iliyonse, si ya nchito imeneyi. Iyo ndi ya maomu 75, pamene makina olankhulirana afuna ya maomu 50. Wogulitsa akakuuzani kuti zonse ndi cimodzi-modzi, tulukani.

Caciwiri, ngakhale pakati pa nthambo za maomu 50 pali kusiyana kwakukulu. Tiyerekeze kuti makina athu atulutsa mawati 50 pa mafunde a 150 MHz ndipo nthambo ndi yotalika mamita 30. Ndi nthambo yaing'ono ya RG-58, yonenepa ngati pensulo, ofika pa eriyo ndi mawati 13 kapena 14 cabe. Magawo atatu mwa anayi atha m'njira, asanduka kutentha. Ndi RG-213, yonenepa ngati cala, ofika ndi pafupi-fupi mawati 27. Ndi LMR-400 ofika ndi mawati 35. Ndi nthambo yolimba ya theka la inci, ija cophimba cake ndi paipi ya mkuwa yamizere-mizere, imene ambiri aidziwa ndi dzina lakuti Heliax, ofika ndi mawati 41. Ngati ZICTA yatipatsa mafunde a UHF, kutayika kumeneku kukula koposa apa.

Ena anganene kuti tingogula makina amphamvu kuti tibweze zimene zatayika. Koma nthambo idya mbali zonse ziwiri. Mau ofooka a katekista kapena a namwino amene aitana ali kutali ndi ka wailesi ka mawati 5 ayenera kutsika m'nthambo yomweyo kuti afike ku makina. Akatayika m'njira, palibe mphamvu ya makina imene ingawabweze. Cotsatira cake ndi ripita imene imveka patali koma yosamva: onse aimva ikulankhula, koma iwo akaitana siyankha. Amene avutika ndi a kumidzi yakutali, omwe aja tinagulira makinawo.

Cacitatu ndi cinthu cimene ngakhale amisiri ena sacidziwa. Ripita ilankhula ndi kumva nthawi imodzi, kawiri-kawiri pa eriyo imodzi ndi nthambo imodzi, mothandizidwa ndi zitini za citsulo zochedwa duplexer zimene zilekanitsa mau otuluka ndi olowa. Nthambo ya mtundu wa LMR-400 ili ndi zophimba ziwiri zogundana, cina ca aluminiyamu, cina ca timawaya ta mkuwa toluka. Pa wailesi wamba ya panyumba kapena ya pakiliniki igwira bwino nchito. Koma pa ripita, nthambo ikayamba kukalamba ndi kugwedezeka ndi mphepo, zitsulo ziwirizo zikhudzana mosakhazikika ndipo zibala phokoso la kuthetheka limene liphimba mau ofooka. Mwezi woyamba zonse zimveka bwino, vuto libwera pambuyo pake, wogulitsa atapita kale. N'cifukwa cake amisiri a maripita alangiza nthambo yolimba ya mkuwa kucokera pansi kufika pa eriyo, ndipo pa tizidutswa tifupi-tifupi ta m'kanyumba ka makina alangiza RG-214 kapena RG-400.

Nthambo yolimba ndi yodula, sitikana. Njira yocepetsera mtengo ndiyo kuifupikitsa. Kanyumba ka makina kamangidwe patsinde peni-peni pa mlongoti. Mita iliyonse imene tacotsa ndi ndalama zosungika ndiponso mau opulumuka. Pogula, tiwerenge dzina ndi nambala zolembedwa pakhungu la nthambo, ndipo zilembedwenso pa lisiti. Nthambo yakale yocotsedwa pa nsanja ina tisailandire popanda kuipima, cifukwa ingakhale inamwa madzi.

Madzi ndi mphenzi

Mdani wamkulu wa nthambo ndi madzi. Alowera pa zolumikizira, ayenda pang'ono-pang'ono m'kati, mkuwa ucita dzimbiri, ndipo nthambo yabwino isanduka yoipa popanda cizindikiro kunja. Zolumikizira zikhale za mtundu wa N, zopangidwira nthambo yomweyo, ndipo zikulungidwe ndi tepi ya labala yomatirira yokha, pamwamba pake tepi yakuda ya magetsi. Tepi yakuda payokha imatuka ndi dzuwa la mu October. Nthambo isanalowe m'kanyumba itsike pang'ono ndi kukweranso, kuti madzi a mvula adonthere panja. Imangiriridwe ku mlongoti pa mita iliyonse, ndipo isapindidwe mwamphamvu, pakuti paipi ya mkuwa ikaphwanyika siwongoka.

Citsulo coima pamwamba pa phiri ciitana mphenzi. Mlongoti, cophimba ca nthambo ndi makina zonse zilumikizidwe ku ndodo za mkuwa zokhomedwa m'nthaka, ndipo pamene nthambo ilowera m'kanyumba paikidwe kacipangizo kochinga mphenzi. Paphiri la miyala ndodo imodzi sikwanira, pafunika mawaya a mkuwa oyalidwa m'nthaka mbali zingapo. Izi siziletsa mphenzi kugwa, koma ziipatsa njira yopita pansi yosadzera m'makina athu.

Tsiku lokweza

Nchito iyi icitike m'cilimwe, mvula ya mu November isanayambe, ndiponso m'mawa mphepo isanauke. Simenti ya patsinde ndi ya pa zikhomo ipatsidwe masabata ake kuti iume. Mlongoti wa zingwe ufuna zingwe za citsulo kumbali zitatu zotalikirana mofanana, ndipo zikhomo zake zikhale patali ndithu ndi tsinde. Pasakhale mawaya a ZESCO pamtunda umene mlongoti ungafike utagwa. Okoka zingwe akhale ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga, koma wolamula akhale mmodzi. Wokwera pamwamba akhale mmisiri wa nchitoyo, womangidwa lamba wacitetezo ndi cisote kumutu, ndipo makina akhale ozimitsa pamene iye ali pafupi ndi eriyo. Tisatume mnyamata wa m'kwaya cifukwa cakuti adziwa kukwera mtengo wa mango. Moyo wa mwana wa eni ake upambana makina onse.

Mmisiri asanalandire ndalama zotsala, apime nthambo ndi eriyo ndi mita yochedwa SWR pamaso pa komiti. Nambala ikhale pansi pa 1.5, ndipo ilembedwe m'buku la parishi kuti caka camawa tidzakhale ndi poyerekezera. Kenaka anthu apite ndi mawailesi a m'manja kumachalichi akutali kweni-kweni, aitane, timve ngati ayankhidwa. Kuyesera pabwalo la parishi sikutiuza kanthu.

Cotsiriza ndi kusamala. Cilala ca 2024 cinatiphunzitsa kuti magetsi a ku Kariba angasowe maola ambiri pa tsiku, conco sola ndi mabatire zikhale m'bajeti kucokera paciyambi, pamodzi ndi mpanda, loko ndi mlonda, pakuti mkuwa ndi sola zikopa akuba. Pasankhidwe anthu awiri okwera kuphiri mwezi uliwonse kukaona zingwe, tepi ndi mabatire, ndi kulimira udzu moto wa lupsa usanafike.

Pempho lathu kwa abambo mfumu, makhonsolo a maparishi ndi onse osunga thumba ndi ili: pa pepala la mitengo limene mmisiri abweretsa, funani mzere wa nthambo. Funsani dzina lake, kutalika kwake ndi mawati amene adzafika pamwamba. Ngati ndalama zapelewera, ndi bwino kudikira kukolola kwina kupambana kukweza mlongoti wokongola umene sudzamva mau a wodwala wa kumudzi wakutali.