Mankhwala a ku India ndi Nthenda ya Msana

Lero tikamba za Ayurveda, ndiwo macizidwe akale a ku India, ndi m'mene asing'anga ace asamalira msana wopweteka.

Poyamba tiudziwe msanawo. Kumunsi kwace, pamwamba pa ciuno, kuli mafupa 5 osanjikizana. Pakati pa pfupa ndi linzace pali kanthu kofewa, konga nkhata imene mai aika pamutu posenza mtsuko. Nkhatayo ikang'ambika, za m'kati mwace zituluka ndi kupsinja mtsempha wotsikira kumwendo. Pamenepo ululu uyamba m'ciuno, nupyola m'nchafu, nufika kuphazi.

Anthu a ku India anauzindikira ululu umenewu kale lomwe. M'mabuku a Charaka ndi Sushruta aucha gridhrasi, dzina locokera ku muimba, pakuti wodwalayo ayenda motsimphina monga mbalameyo. Iwo amati thupi liyendetsedwa ndi mphamvu zitatu, vata, pitta ndi kapha, ndipo msana upweteka pamene vata wacuruka. Popeza vata ndi wozizira ndi wouma, amgonjetsa ndi zofunda ndi zamafuta.

Njira yao yochuka ndi kati basti. Wodwala agona cafufumimba. Sing'anga akanda ufa wa nyemba zakuda, naumba mkombero pamsana, nathiramo mafuta ofunda a citowe ophikidwa ndi zitsamba. Mafutawo akhalapo ngati theka la ora, ndipo akazizira awasintha. Asing'angawo asisitanso thupi ndi mafuta, apemera wodwala, nampatsa utomoni wochedwa guggulu kapena mafuta a nsatsi.

Nanga madokotala ati ciani? Kufunda ndi kusisita kucepetsa ululu, nikumasula minofu yokungika, koma mafuta opaka pakhungu safika pa nkhata yong'ambikayo. Cokondweretsa ndi cakuti odwala ambiri apeza bwino pa masabata 6 kufikira 12 popanda opareshoni, cifukwa thupi lokha licepetsa cotuluka cija pang'ono pang'ono. Kuyenda-yenda mofatsa kuthandiza koposa kugona pamphasa masiku ambiri.

Cenjerani ndi mankhwala akumwa. M'caka ca 2004 akatswiri a ku Boston, ku America, anapima mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda ogulidwa m'masitolo, napeza mtobvu, mercury kapena arsenic mu 14 mwa iyo. Zimenezi ziononga impso ndi ubongo.

Tsono mvetsani ici koposa zonse. Ngati mkodzo ukana kuturuka, kapena munthu adziipitsira osazindikira, kapena amva dzanzi pakati pa miyendo, kapena mwendo ulikufooka, mumtengere ku cipatala tsiku lomwelo. Mitsempha yopsinjika cotero ikacedwa kumasulidwa, munthu akhoza kupunduka moyo wace wonse. Ndipo ngati msana upweteka pamodzi ndi kuonda, malungo ndi thukuta la usiku, apimidwe cifuwa cacikuru, pakuti cimalowanso m'mafupa a msana.

Tsalani bwino, ndipo ponyamula thumba la cimanga pindani maondo, osati msana.