Henri Matisse, Mmisiri wa Utoto

Kodi munaonapo munthu wa mphuno yobiriwira? M'caka ca 1905 anthu a mumzinda wa Paris, m'dziko la France, anapita kukaona zithunzi zatsopano, napeza cithunzi ca mai wobvala cipewa, nkhope yace ili mawangamawanga obiriwira, acikasu ndi ofiira. Ena anaseka, ena anapsa mtima. Wolemba nyuzi wina anacha wojambulayo pamodzi ndi anzace dzina lakuti "zirombo."

Wojambulayo anali Henri Matisse, ndipo maiyo anali mkazi wace, Amélie.

Matisse anabadwa m'caka ca 1869 kumpoto kwa France. Atate wace anali wogulitsa mbeu, ndipo iye anaphunzira za malamulo nakhala kalaliki. Ali ndi zaka ngati 20 anadwala m'mimba, nagona masiku ambiri. Pofuna kumsangalatsa, amace anamgulira kabokosi ka utoto. Atacira, mtima wace sunalinso pa ukalaliki ai.

Tsono anapakiranji mphuno utoto wobiriwira? Iye anaona kuti kufanizira cinthu monga momwe ciliri, kamera ikhoza. Nchito ya utoto ndiyo kuonetsa cimene wojambula akumva mumtima. Inunso mudziwa kuti nsaru yofiira ndi nsaru yakuda sizilankhula mau amodzi, cinkana zisokedwe mofanana. Anakondanso luso la Afrika: m'caka ca 1906 anagula kafano kosema ka ku Congo nakaonetsa kwa Pablo Picasso, ndipo anasunga nsaru zoluka za Akuba a m'dziko lomwelo.

M'caka ca 1941 anacitidwa opareshoni yaikuru, ndipo kuyambira pamenepo kuimirira nthawi yaitali kunamkanika. Koma nkhalambayo sinagonje. Omthandiza anali kupaka mapepala utoto wowala, iye ali pampando kapena pakama, nadula ndi sizasi masamba, mbalame, nsomba ndi anthu obvina. Atatero anali kuloza pamene cidutswa ciri conse ciyenera kukhala pacipupa, mwina kucisunthitsa kambirimbiri kufikira mtima utakhala pansi.

Anamwalira ku Nice m'caka ca 1954, ali ndi zaka 84. Cithunzi cace cina ca mapepala, cochedwa Nkhono, anacipanga m'caka ca 1953, ndipo ciri ku Tate, mu London. Kutalika kwace nkwa mamita pafupifupi 3. Poyamba muona zidutswa cabe. Mukapenyetsetsa, muona kuti zikuzungulira monga cigoba ca nkhono.