Nkhuku za m'madzi: ndiwo zabwino, koma funsani kumene zachokera

Mvula ikagwa n'kudzaza madambo a nyanja ya Chilwa, m'misika ya Zomba, Phalombe ndi Machinga mumachuluka mbalame zokazinga ndi zowamba. Zambiri sizikhala abakha kapena atsekwe. Zimakhala mbalame za miyendo italiitali ndi zala zotambalala, zobisala m'bango ndi m'njedza, zimene ambiri amangoti nkhuku za m'madzi. Akatswiri amaziika m'banja la Rallidae, ndipo zina mwa zogwidwa kwambiri ku Chilwa ndi lesser moorhen, Allen's gallinule ndi black crake, yakuda bii, ya miyendo yofiira ndi mlomo wachikasu.

Mbalamezi sizikonda kuuluka. Thupi lake n'lophwatalala m'mbali, choncho zikaopsezedwa zimangolowa pakati pa mabango n'kusowa. N'chifukwa chake osaka a ku Chilwa amadalira misampha ndi makhwekhwe otchera m'tinjira take kusiyana ndi mfuti. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti mbalame za m'madzi zoposa 1 miliyoni zinkagwidwa chaka chilichonse panyanjayi.

Ku America nako amazisaka, koma mwanjira ina. M'madambo a mchere a m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, m'zigawo za Virginia, South Carolina ndi Georgia, muli mtundu wokulirapo wotchedwa clapper rail. Osaka amadikira kuti madzi a m'nyanja akwere kwambiri n'kumiza udzu. Wina amakankha bwato ndi mponda, mnzake ali chilili kutsogolo ndi mfuti, ndipo mbalame zikasowa pobisala zimauluka. Kumeneko mkangano woti nyama yake ndi yokoma kapena ayi sutha.

Mkanganowo uli ndi yankho la sayansi: mbalame imanunkhira zimene imadya. Clapper rail imadya nkhanu ndi nkhono za m'matope, motero mafuta ndi khungu lake zimakhala ndi fungo la nsomba, ndipo ophika ambiri amasenda khungulo n'kuviika nyamayo m'madzi a mchere. Sora, mtundu waung'ono umene umanenepa ndi mpunga wa kuthengo, anthu amauyamikira kuyambira kale. Mitundu ya kwathu kuno imadya zosakaniza: njere za udzu, tizilombo, nkhono ndi tinsomba.

Pa zakudya zomanga thupi, palibe chokayikitsa. Nyama yake ndi yofiirira, yopanda mafuta ambiri, ndipo ili ndi mapuloteni ndi ayironi, mchere umene thupi limagwiritsa ntchito popanga magazi. Koma njochepa. Black crake yamoyo imalemera magalamu pafupifupi 100, ndipo mukaisosola n'kuitumbula pamatsala zongokwana m'dzanja. Komabe m'miyezi ya njala, nkhokwe zitauma ndiponso usodzi utatsekedwa kuti nsomba ziswane, kanyama kameneka kamathandiza mwana amene akanadya nsima ndi masamba okhaokha.

Vuto lili pa zimene mbalame yadya zosamveka pa lilime. Ku Brunswick, m'chigawo cha Georgia, fakitale ya LCP Chemicals, imene inatsekedwa mu 1994, inaipitsa dambo ndi mercury komanso mankhwala a PCB. Ofufuza anapeza ziphe zimenezi m'matope, m'nkhanu, mpaka m'matupi ndi m'mazira a clapper rail za m'dambolo. Mbalame yokhala malo amodzi, yodya za m'matope tsiku ndi tsiku, imaunjika m'thupi mwake chilichonse chimene chatayidwa m'madzimo. Mercury imawononga ubongo, makamaka wa mwana wosabadwa, ndipo moto suichotsa. Phunziroli likukhudza Chilwa chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zimene mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe yatenga m'tauni ndi m'minda zimathera momwemo.

Kaphedwe nako n'kofunika kukadziwa. Kuminda ya mpunga ya Bunyala, kumadzulo kwa Kenya, anthu ena ankapha mbalame zambirimbiri ndi mpunga wothira mankhwala a Furadan n'kumagulitsa nyama yake. Mankhwalawa ndi a gulu limodzi ndi tameki. Akalowa m'thupi la munthu amayambitsa malovu ambiri, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kubanika, ndipo wodwalayo ayenera kuthamangira naye kuchipatala. Kutaya matumbo a mbalame yophedwa chotero sikutsimikizira kuti nyamayo yayera. Mbalame yowomberedwa ndi mfuti ili ndi vuto lakenso: tizipolopolo ta mtovu timanyenyeka m'nyama. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo ana ndiwo amapwetekeka kwambiri. Dziko la America linaletsa zipolopolo za mtovu posaka abakha ndi atsekwe mu 1991.

Pali matenda amene moto umathana nawo. Mbalame za m'madzi ndizo zimasunga tizilombo ta chimfine cha mbalame, chimene mu 2017 chinapha mbalame zakuthengo zambiri m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Uganda. Tizilomboti timafa nyama ikapsa mpaka mkati, pa madigiri 70, osatsala pofiira. Ali pachiopsezo chachikulu ndi amene akusosola ndi kutumbula, choncho asambe m'manja ndi sopo, atsuke mpeni, ndipo nthenga ndi matumbo azikwirire kuti nkhuku za pakhomo zisatole. Mbalame yopezeka yakufa yokha kapena yozyolika si ndiwo. Wosaka nayenso adziwe kuti likodzo silichokera m'nyama ya mbalame, koma m'madzi amene amaimamo potchera misampha. Akaona magazi mumkodzo apite akalandire praziquantel.

Funso lomaliza n'lakuti mbalamezi zidzakhalapo mpaka liti. Ku America nyengo yosaka imayamba mu Seputembala, mbalame zitamaliza kuswa, ndipo m'zigawo zitatu zija munthu saloledwa kupha clapper rail zoposa 15 patsiku. Ku Chilwa kusaka kumakula m'dzinja, nthawi yomweyo imene mbalame zili pa mazira, ndipo kugwira make n'kupha chisa chonse. Zinthu zimaipiraipira nyanja ikaphwa, monga mu 1995 ndi 2018, pamene asodzi amasowa chogwira n'kutembenukira ku mbalame. Chilwa inakhala dambo loyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar mu 1996, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 osaka anapanga makalabu awo, mothandizidwa ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi, n'kupatula malo oswerana mbalame kumene msampha suloledwa.

Ndiye kodi n'zoyenera kuphika? Inde, ngati mbalameyo inagwidwa yamoyo ndi yathanzi, m'dambo losaipitsidwa, kunja kwa malo otetezedwa, ndipo yapsa bwinobwino. Wogula pamsika sangaone zonsezi ndi maso, choncho afunse wogulitsa kumene mbalameyo yachokera ndi mmene anaiphera. Ngati yankho silikumveka, makamaka pamene odya ndi ana kapena mayi woyembekezera, ndalamayo ndi bwino kugulira matemba.