Ojambula Mafupa ku Lichinga

Munthu wa ku Namacula akagwa pa njinga yamoto n'kuthyoka mwendo, kapena chifuwa chikakana kumva mankhwala, amatumizidwa ku Hospital Provincial de Lichinga, kumene amakafikira m'manja mwa wojambula X-ray. Anthu amatamanda dokotala, koma chithunzi chimene dokotalayo amayang'anitsitsa chimachokera kwa munthu ameneyu.

Ntchito yake yambiri ndi ya manja ndi pakamwa. Amauza wodwala kuti avule mikanda ndi chilichonse chachitsulo, popeza zimatchinga chithunzi. Mayi amamufunsa mwaulemu ngati ali woyembekezera. Agogo otsokomola amawaimika chifuwa chitagunda pa makina, manja m'chiuno, mapewa atapita kutsogolo, kenako n'kuwauza kuti, "Kokani mpweya, agogo, muugwire!" Apo amabisala kuseri kwa khoma lotetezedwa ndi mtovu n'kudina batani. Cheza cha X-ray chimene chimatuluka sichitha ngakhale sekondi imodzi. Mwana wolira ndiye amavuta, chifukwa akangogwedezeka chithunzi chawonongeka, ndipo kubwereza n'kumuwonjezera cheza m'thupi.

Zimene zimachitika m'kanthawi kameneko zinadziwika mochedwa. Wilhelm Röntgen anatulukira cheza chimenechi mu 1895, ndipo ojambula oyambirira ambiri anapsa manja, ena mpaka kudulidwa zala. Cha m'ma 1960, asayansi ku Manchester ndi ku America anayamba kuwombera madzi ndi cheza champhamvu kwa gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000,000 a sekondi, n'kumayeza ndi kuwala tinthu tobadwa m'madzimo tisanazimirire. Mu 1962 Edwin Hart ndi Jack Boag anaona mwa njira imeneyi elekitironi itazingidwa ndi madzi. Kafukufuku wotere, kaya ndi makina otulutsa maelekitironi kaya X-ray, anasonyeza bwino mmene cheza chimaswera madzi, ndi mmene tizidutswa take timawonongera DNA. Thupi la munthu nalo, gawo lake lalikulu ndi madzi.

N'chifukwa chake wojambula amavala kachipangizo pachifuwa kowerenga cheza chimene walandira. Wodwala amalowa m'chipindamo kamodzi pakanthawi, pamene wojambulayo amakhalamo tsiku ndi tsiku kwa zaka. Kachipangizoko kayenera kuwerengedwa pa nthawi yake, ndipo chovala chake chamtovu chizikolowekedwa osati kupindidwa, chifukwa chikang'aluka mkati cheza chimadutsa popanda wina kuona.