Mapazi m'nyengo yotentha: musathamangire phini ndi lezala

Dzuwa la mu Okutobala likayamba kuswa mtengo, nkhawa ya makolo ambiri imakhala pa madzi akumwa ndi zidzolo za thukuta. Ndi ochepa amene amagwira phazi la mwana n'kulitembenuza kuti aone kunsi kwake. Mwana amasamba yekha, n'kugona, m'mawa ulendo wa kusukulu. Kholo limadzadzidzimuka tsiku limene mwanayo wayamba kutsimphina kapena kuyendera zidendene, koma pofika apo vuto limakhala litakhwima kale.

Nyengo ino imaboola khungu la phazi m'njira zingapo. Fumbi ndi kutentha zimaumitsa chidendene mpaka kung'ambika, matekenya amaswana m'dothi louma, ndipo nsapato zothina zimatulutsa matuza. Kenaka mvula imagwa mu Novembala kapena Disembala, matope ndi madzi oipa n'kupeza khomo lili chitsegulire. Choncho nthawi yosamala mapazi ndi ino, mvula isanayambe. Komanso dziwani kuti kawirikawiri chimene chimakulitsa chilonda si vuto loyambalo, koma phini, munga kapena lezala zimene timatenga pofuna kulithetsa.

Kadontho kakuda pambali pa chikhadabo

Thekenya ndi kachilombo ka m'gulu la nthata, kakang'ono ngati milimita imodzi basi. Kwawo kwenikweni ndi ku South America, ndipo mbiri imati linafika kugombe la Angola pa sitima ya pamadzi cha m'ma 1870, kenaka n'kufalikira mpaka kuno. Lomwe limalowa m'thupi ndi lalikazi. Limakumba khungu, mutu n'kuloza mkati pomwe limayamwa magazi, kumbuyo kwake n'kutsalira kunja. Kadontho kakuda komwe mumaona pakati pa kabwalo koyera ndi kumbuyoko, ndipo ndi pomwe limapumira ndi kutayira mazira.

Tsiku loyamba mwana samva kanthu kwenikweni, mwina kuyabwa pang'ono. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri thekenyalo limakhala litafufuma mpaka kufika kukula kwa nsawawa yaing'ono, ndipo apa m'pamene ululu umayamba. Kwa masabata angapo limataya mazira oposa 100, omwe amagwera pansi n'kuswa m'fumbi momwemo. Likatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi limafa lokha, koma ana ake amakhala atayamba kale kulowa m'mapazi a anthu a m'nyumbamo. Pafupifupi matekenya onse amalowa kumapazi: m'mbali mwa zikhadabo, pakati pa zala, kuchidendene ndi kunsi kwa phazi.

Ambiri amaganiza kuti mwana watenga matekenya posewera kutali. Nthawi zambiri gwero lake limakhala chipinda chomwe amagona, makamaka ngati pansi pake ndi pa dothi long'ambika lomwe lakhala nthawi osazira. Makalasi opanda simenti nawonso amasunga matekenya, chimodzimodzi malo ogona nkhumba, agalu ndi amphaka, komanso mobisala makoswe, pakuti nyama zimenezi zimagwidwa nawo ngati anthu.

Tonse tinakula tikuona agogo atakhala pamkeka, phini m'manja, akuzula matekenya ana atandandalika pamzere. Cholinga chawo chinali chabwino, koma njirayi ili ndi zoopsa zitatu. Thekenya likaphulika pozula, zotsalira zake zimaola m'mnofu ndipo pamabuka chilonda chachikulu kuposa thekenyalo. Bowo lomwe latsala likakumana ndi dothi, pangalowe tizilombo ta kafumbata. Ndipo phini imodzi ikayenda m'mapazi a ana asanu, ingathe kusamutsa matenda oyenda m'magazi monga HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Enanso amathira palafini, mankhwala opopera mbewu kapena dipi wa ng'ombe. Zimenezi zimatentha khungu, ndipo zina ndi poizoni yemwe amalowa m'thupi la mwana.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, lomwe limaika matekenya m'gulu la matenda onyalanyazidwa, limalimbikitsa mafuta a dimeticone. Amadonthezedwa pa kadontho kakuda kaja, n'kutseka popumira, thekenya n'kufera momwemo popanda kucheka. Mafutawa sapezeka paliponse, choncho funsani kuchipatala kapena kufamase. Ngati palibe, sambitsani mapazi a mwana ndi sopo m'mawa ndi madzulo, ndipo mupite naye kuchipatala komwe angachotse thekenya lonse lathunthu ndi zipangizo zophedwa tizilombo, n'kutsuka chilondacho. Pitani ndi buku lake la kuchipatala kuti aone za katemera wa kafumbata.

Pa katemerayu pali mpata umene ambiri sitiuona. Khanda limalandira chitetezo cha kafumbata pa masabata 6, 10 ndi 14, koma mphamvu yake imanka icheperachepera mwana akamakula. Amayi amabayidwanso ku sikelo ya apakati. Anyamata ndi abambo ambiri sanabayidwenso chichokereni ukhanda, chonsecho ndi iwo amene amaponda misomali, zitsa ndi minga posaka mbewa kapena posadza munda.

Kuchiza mwana mmodzi n'kusiya nyumba ili chomwecho n'kutaya nthawi. Onani mapazi a aliyense wa m'banjamo tsiku limodzi. Sesani tsiku ndi tsiku mutawaza madzi, zirani pansi kuti ming'alu itsekeke, yanikani mphasa ndi zofunda padzuwa, ndipo khola la nkhumba likhale patali ndi pogona ana. Nsapato zotseka zimathandiza, koma pazokha sizikwanira ngati mwana akuzivula n'kukagona pa fumbi lomwe lija.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, anthu amene matekenya amawapweteka kwambiri si amene amabwera okha kudzakuuzani. Ndi agogo okhala okha omwe maso afooka, anthu aulumali, ndi ana amene asiya sukulu poopa kusekedwa. Mukawayendera musayambe ndi mawu oti uve, pakuti munthu akachita manyazi amabisa phazi lake. Ndipo mukamva zoti wina walodzedwa, fotokozani modekha za mazira ogwera m'fumbi aja.

Zikang'a

Zikang'a ambiri taziyesa chinthu chongochititsa manyazi pa ukwati kapena kutchalitchi. Zimayamba khungu la m'mphepete mwa chidendene likauma n'kukhuthala. Munthu akaponda, mnofu wa kunsi umatambasukira m'mbali, khungu loumalo n'kulephera kutamuka, basi n'kung'ambika. Patapata amawonjezera vutoli chifukwa sagwira chidendene, ndipo fumbi limalowa mwaufulu. Mng'alu ukazama umatuluka magazi, ndipo nthawi ya dzinja umasanduka njira ya tizilombo.

Mankhwala ake si odula. Madzulo viikani mapazi m'madzi ofunda pang'ono a sopo kwa mphindi 10 kapena 15, khulani mofatsa ndi mwala wosalala, pukutani bwino, pakani Vaseline wambiri kuchidendene, n'kuvala sokosi pogona. Chofunika n'kuchita zimenezi tsiku lililonse kwa masabata angapo, osati kukhula mwamphamvu tsiku limodzi mpaka magazi. Ku mafamase kulinso mafuta okhala ndi urea, omwe amafewetsa khungu lokhuthala msanga. Lezala ayi. Amene amasenga chidendene ndi lezala sadziwa pamene khungu lakufa lathera, ndipo amangozindikira atadzicheka.

Linyetsu

Pamene oyenda opanda nsapato akuvutika ndi kuuma, ovala nsapato zotseka tsiku lonse amavutika ndi chinyezi. Nsapato za pulasitiki, magambutsi ndi sokosi za nayiloni zimasunga thukuta, ndipo pakati pa zala, makamaka ziwiri zakumapeto, khungu limayera, kunyowa, kuyabwa, kenaka n'kung'ambika. Chimayambitsa ndi fangasi wa mtundu womwe uja wa zipere, ndipo amafala pobwerekana nsapato, sokosi ndi matawulo, kapena posambira pamodzi ngati m'sukulu zogonera komweko.

Mukasamba pukutani pakati pa chala chilichonse. Apa Vaseline musapakepo, chifukwa amasunga chinyezi chomwe fangasi akufuna. Sokosi zisinthidwe tsiku ndi tsiku, nsapato ziyanikidwe padzuwa. Mankhwala opaka monga clotrimazole, miconazole kapena Whitfield amagwira ntchito akapakidwa kawiri patsiku kwa masabata awiri mpaka anayi. Ambiri amasiya kuyabwa kukangoleka, linyetsu n'kubwerera mvula ikayamba. Chenjerani ndi timachubu togulitsidwa pamsika tomwe ena amayeretsera khungu. Tambiri mwa ito timakhala ndi mankhwala a steroid monga betamethasone, omwe amaziziritsa kuyabwa masiku ochepa uku fangasi akufalikira.

Za matuza a nsapato zatsopano palibe zambiri: musaboole, tsukani, phimbani ndi kansalu koyera, ndipo mwana ayambe wapumira nsapatoyo. Koma kupsa ndi nkhani ina. Miyezi ino anthu akutentha zinyalala m'minda ndi kudzala, ndipo phulusa limaoneka lozima pamwamba pomwe pansi moto ulipo. Mwana akapondamo, thirani madzi oyera ozizira pamalopo kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, kenaka thamangirani naye kuchipatala.

Phazi lomwe silimva ululu

Zonse tanenazi zimakhala zoopsa kwambiri kwa munthu wa matenda a shuga. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, amawononga mitsempha yomvera kumapazi ndipo magazi sayenda bwino. Munthu amatha kuponda munga osamva, kuyenda tsiku lonse kamwala kali m'nsapato, kapena kupsa ndi mchenga wa masana osadziwa. Ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe miyezi ino kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, mchenga ndi tala zimawotcha ndithu. Kachilonda kotere kakanyalanyazidwa ndi kamene kamafikitsa ena podulidwa chala kapena mwendo. Dzanzi la kumapazi limabweranso ndi khate, kumwa mowa kwambiri komanso mankhwala ena monga isoniazid wa TB.

Pali kayezedwe kosavuta komwe wodzipereka aliyense angachite popanda chipangizo. Munthuyo avule nsapato, agone kapena akhale atatambasula miyendo, atsinzine. Inu khudzani pang'ono chabe ndi chala chanu nsonga ya chala chachikulu, chapakati ndi chaching'ono cha phazi lililonse, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, osakanikiza. Iye azinena kuti eya akamva. Ngati sanamve pa zala ziwiri kapena kuposerapo mwa zisanu ndi chimodzizo, muuzeni akaonedwe ku kiliniki ya matenda a shuga pachipatala chapafupi.

Munthu wotere asayende wopanda nsapato ngakhale pabwalo pa nyumba yake. Asanavale nsapato azipisamo dzanja. Kuviika mapazi ndi kukhula ndi mwala kumene tanena pa zikang'a kuja si kwa iye. Azingosamba, kupukuta ndi kupaka mafuta, ndipo madzi aziyamba wawayesa ndi chigongono. Tsiku lililonse wina wa m'banjamo azimuona kunsi kwa mapazi. Chilonda chilichonse, ngakhale chisakupweteka, chionedwe kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Kwa wina aliyense, wamkulu kapena mwana, musadikire ngati phazi latupa ndi kutentha, kufiira kukukwera kumwendo, mafinya akununkha, chala chikuda, mwanabere watuluka m'mphechepeche kapena thupi latentha. Munthu wa chilonda akayamba kuuma nsagwada kapena khosi, chimenecho chingakhale chiyambi cha kafumbata, ndipo afunika kufika kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Mvula ikagwa matekenya amachepako, koma dothi lonyowa limabweretsa ana a njoka zam'mimba za mtundu wa hookworm, zomwe zimaboola khungu la phazi n'kukathera m'matumbo momwe zimayamwa magazi. Choncho mwana asapite kuchimbudzi wopanda nsapato, ndipo azaumoyo akabwera kusukulu ndi mankhwala a njoka monga albendazole, muloleni amwe. Pakadali pano sankhani tsiku limodzi pa sabata, mwina Loweruka pochapa mayunifolomu, loti muzikhazika ana pansi n'kuwaona chala ndi chala kukuwala. Zikhadabo muziwenga mowongoka, osazungulira m'makona, kuti zisalowe m'mnofu.