Abambo akamadzikodzera: kachipangizo kotseka njira ya mkodzo

Achinyamata anzathu, m'makalabu athu timakambirana kawirikawiri za kusalana, koma pali anthu ena osalidwa omwe sitiwatchula. Awa ndi abambo amene mkodzo umangotuluka wokha. Bambo wotere amasiya kupita kokapemphera, pamaliro amakhala patali ndi anzake, minibasi amaiopa. Anthu akamva fungo amayamba kunong'onezana kuti walodzedwa, ena amati ndi "matenda aja". Nthawi zambiri si choncho ayi.

Pansi pa chikhodzodzo pali mnofu umene umatseka njira ya mkodzo mpaka munthu atafuna kukodza. Mnofuwu ukhoza kuwonongeka pa opareshoni ya prostate, makamaka yochotsa khansa, kapena munthu akavulala msana kapena chiuno pangozi. Tisasokoneze vutoli ndi la chinzonono chosachizidwa bwino, chimene chimachepetsa njira ya mkodzo mpaka chikhodzodzo kudzadza n'kumadontheza. Limenelo lili ndi thandizo lake lina, n'chifukwa chake kuyezetsa kuchipatala ndiye poyambira.

Madokotala sathamangira mpeni. Amayamba aphunzitsa wodwala kulimbitsa minofu ya m'chiuno, ndipo ambiri ochitidwa opareshoni ya prostate amapeza bwino chaka chisanathe. Zikakanika ndi pamene amaganizira zoika kachipangizo m'thupi. Ngati mkodzo umangodontha pang'ono, amaika kalamba kochirikiza njira ya mkodzo. Ngati vuto ndi lalikulu, pali kachipangizo kogwira ntchito m'malo mwa mnofu uja. Dokotala F. Brantley Scott wa ku Houston, m'dziko la America, ndi anzake anayamba kukaika mwa odwala mu 1972, ndipo mtundu wodziwika kwambiri, AMS 800, unatuluka mu 1983.

Kali ndi zigawo zitatu zolumikizidwa ndi timachubu ta madzi: kamphete kozungulira njira ya mkodzo, kabaluni koikidwa m'munsi mwa mimba, ndi kapampu kobisika m'thumba la machende. Kamphete kakadzadza madzi kamafinya njira ija, mkodzo osatuluka. Bambo akafuna kukodza amafinya kapampu kangapo, madzi amathawira m'kabaluni, njira imatseguka. Pakapita mphindi zochepa madzi amabwerera okha ndipo njira imatsekekanso. Kunja sikaoneka konse, ngakhale mnzako wosamba naye kudambo sangadziwe.

Koma tisakatamande mopitirira. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndipo pamafunika dokotala wodziwa bwino opareshoniyi. Akakaika amakasiya kosagwira ntchito kwa masabata 4 mpaka 6 kuti mabala apole, ndiye bambo amadzikodzerabe panthawiyi. Pamalopo pakhoza kulowa tizilombo, kamphete kakhoza kudya njira ya mkodzo, ndipo pakapita zaka kachipangizoka kamatha kuwonongeka, n'kufunika opareshoni ina. Kamafunanso munthu wa zala zamphamvu komanso wosaiwalaiwala.

Pali chinthu chimodzi choti enafe amene timaperekeza makolo kuchipatala tichidziwe. Ngati bambo kapena agogo athu ali ndi kachipangizoka ndipo adwala mwadzidzidzi osatha kulankhula, tiwauze anamwino asanalowetse chubu cha mkodzo. Kamphete kaja kamayenera kutsegulidwa n'kusiyidwa kotsegula kaye, apo ayi chubu chikhoza kuvulaza njira ya mkodzo ndipo kachipangizo konse kangafunike kuchotsedwa.