Khungu ndi maso athu: tisankhe zodzola mwanzeru

Tsiku la msika pa Ntaja, pa Ulongwe kapena pa Liwonde, benchi la wogulitsa mafuta odzola silisowa anthu. Pamakhala timachubu, timabotolo, sopo wamitundumitundu, mapensulo akuda opaka m'maso ndi nsidze zochita kumata. Wogulitsa sasowa yankho. Ukamuuza za ziphuphu, akupatsa kachubu. Ukamuuza za zipsera zakuda m'miyendo, akupatsa kachubu komweko. Ukati khungu likuyabwa, akuti sakanizani kachubuka ndi mafuta anu odzola, pakatha sabata mudzandithokoza.

Tonsefe timafuna kuoneka bwino, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Munthu amene ali ndi kachirombo ka HIV ali ndi ufulu wotchena ndi kudziphoda ngati wina aliyense. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zina mwa zodzola zimene timagula zimabisa matenda amene akanachizika msanga, ndipo zina zimayambitsa matenda amene tinalibe. Choncho tisanatulutse ndalama, tiyambe tadzifunsa kuti: kodi khungu langa likusowa chiyani?

Khungu limalankhula

Nthawi zambiri khungu ndi limene limayamba kutiuza kuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Tiziphuphu toyabwa kwambiri m'manja ndi m'miyendo, timene tikapola timasiya madontho akuda, mfundu yosatha m'mutu, m'nsidze ndi m'mbali mwa mphuno, mashingozi, zipere zofalikira, zonsezi zimaoneka kawirikawiri mwa anthu amene ali ndi kachirombo koma sanayambe kumwa ma ARV, kapena anasiyira panjira.

Tisaiwale kuti matenda onsewa amagwiranso anthu amene alibe kachirombo. Palibe munthu angadziwe za mnzake pongomuyang'ana khungu. Njira ndi imodzi basi: kuyezetsa magazi.

Ambiri a ife tikukumbukira mmene zinalili ma ARV aulere asanayambe kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Munthu akangotuluka zidzolo, anthu pachitsime amayamba kuloza zala. Mantha amenewo sanatheretu. Ndi chifukwa chake mayi kapena mtsikana akaona madontho akuda pa mikono, amathamangira kumsika m'malo mopita ku chipatala. Akufuna kuti anthu asiye kumunena. Koma chimene chimachotsa tiziphuphu toyabwa tija kwa munthu amene ali ndi kachirombo ndi kumwa ma ARV mwandondomeko. Chitetezo chikakwera, kuyabwa kumachepa, ndipo madontho amazimirira pang'onopang'ono ngakhale pamatenga miyezi.

Mafuta oyeretsa khungu: muli chiyani m'kachubumo?

Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Tiphunzire kuwerenga maina ake pa chikutiro.

Choyamba ndi mankhwala a gulu la steroid. Pa chubu pamalembedwa kuti clobetasol kapena betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, amene dokotala amapereka kwa masiku owerengeka pa matenda ena a pakhungu. Amaletsa kuyabwa msanga, n'chifukwa chake munthu amaganiza kuti wapeza mankhwala amphamvu. Koma amagwira ntchito pofooketsa chitetezo cha pakhungu. Ukawadzola pa zipere, zipere zimafalikira. Ukawadzola pa mphere, tizirombo timaswana momasuka. Ukawadzola miyezi yambiri, khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, pamatuluka mizere yosafufutika, ziphuphu zimachuluka ndipo chilonda chimachedwa kupola. Akadzoledwa thupi lonse amalowa m'magazi, ndipo angathe kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Anzathu amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, omwe amaperekedwa kawirikawiri mankhwala oyamba akasiya kugwira ntchito, asamale koposa. Ritonavir amachedwetsa thupi kuchotsa ma steroid ena, kotero amaunjikana m'magazi.

Chachiwiri ndi hydroquinone. Poyamba amayeretsadi, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, makamaka ndi munthu woyenda padzuwa, masaya ndi mphumi zimada bii ngati zapsa, ndipo kuda kumeneku n'kovuta kwambiri kuchiza. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990.

Chachitatu ndi mercury. Ameneyu amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba kapena kudzera mu mkaka wa m'mawere. Maiko amene ali mu mgwirizano wa Minamata anagwirizana mu 2023 kuti pofika 2025 mercury asamaikidwenso m'zodzola zilizonse. Koma opanga mwachinyengo salemba dzina lake pa botolo. Choncho mafuta opanda dzina la wopanga, opanda mndandanda wa zimene zili m'katimo, kapena osakanizidwa kale ndi kuthiridwa m'kabotolo kena, tisagule.

Ngati mwakhala mukudzola mafuta a steroid kwa miyezi yambiri, musachite manyazi. Tengani chubucho mukaonetse kwa dokotala. Munthu akasiya mwadzidzidzi, nkhope imatha kufiira, kutentha ndi kutuluka ziphuphu, ndipo ambiri amabwereranso ku kachubu kaja. Achipatala adzakuthandizani kusiya pang'onopang'ono.

Aliyense ndi khungu lake

Khungu louma ndi lotuwa. M'miyezi ya June ndi July kukamaomba mwera, komanso mu October dzuwa likamaswa mtengo kuno ku Balaka ndi ku Machinga, khungu limauma ndi kung'aluka. Ming'alu ndi khomo la tizirombo. Pano sipafunika zodula. Vaseline wopanda fungo, kapena gilisalini wothira timadzi pang'ono, ndi wokwanira. Tidzole tikangotuluka kubafa thupi lisanaumiretu. Tisambe ndi sopo wosanunkhira kwambiri, ndipo tisadzikhule ndi mwala kapena chisaka mpaka khungu kuwawa. Sopo wochapira zovala ndi waukali pa khungu loyabwa.

Khungu la mafuta ndi ziphuphu. Achinyamata ambiri ali m'gulu ili. Kumaso tisapakeko mafuta olemera. Kusamba kumaso kawiri pa tsiku n'kokwanira. Tisafinye ziphuphu, chifukwa kufinya ndi kumene kumasiya zipsera zakuda. Mankhwala otsukira mano, mandimu ndi soda zimaotcha khungu. Ziphuphu zikakula, funsani ku chipatala kapena ku famase yovomerezeka.

Mfundu ya m'mutu, m'nsidze ndi m'mbali mwa mphuno. Kuonjezera mafuta sikuthetsa vutoli. Pamafunika mankhwala olimbana ndi fangasi monga ketoconazole kapena clotrimazole, ndipo achipatala ndiwo angatiuze oyenera.

Mphere. Ngati kuyabwa kukukula usiku, tiziphuphu tili pakati pa zala, ndipo ena m'nyumbamo akudzikandanso, palibe mafuta odzola amene angathandize. Banja lonse lilandire mankhwala nthawi imodzi, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Kuda kwa masaya pa nthawi ya pakati n'kofala, ndipo nthawi zambiri kumachepa kokha mwana akabadwa. Iyi si nthawi yoyesa mafuta oyeretsa. Ndipo mwana wakhanda tisamudzoze mafuta a munthu wamkulu oyeretsa khungu, ngakhale pang'ono.

Abale athu achialubino. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo ena mwa iwo ndi ana athu, anansi athu ndi mamembala a magulu athu othandizana. Kwa iwowa mafuta oteteza ku dzuwa ndi mankhwala opulumutsa moyo, chifukwa khansa ya pakhungu imapha achialubino ambiri akadali aang'ono. Pa botolo payenera kulembedwa SPF 50 kapena kuposa. Adzole kumaso, m'makutu, m'khosi, pa milomo ndi kunja kwa manja asanatuluke m'nyumba, ndi kubwerezanso pakatha maola awiri ngati ali panja. Chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali n'zofunika tsiku lililonse, ndipo ntchito za kumunda zigwiridwe m'mamawa kapena madzulo. Vaseline sateteza ku dzuwa. Mu 2025 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika mafutawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Tikafunse za mafutawa pa chipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde, pa chipatala chachikulu cha Balaka, kapena kwa atsogoleri a bungwe la APAM m'dera lathu. Kachilonda kosapola pa khungu la munthu wachialubino kaonedwe ndi dokotala msanga.

Zopaka m'maso

Diso ndi chiwalo chosachedwa kuvulala, choncho zopaka m'maso zimafuna ukhondo woposa zodzola zina zonse.

Pa ukwati kapena pa chinkhoswe timaona pensulo imodzi ikuzungulira atsikana khumi. Tinene momveka: kachirombo ka HIV sikafala pobwerekana pensulo, paudala kapena mafuta odzola, ndipo palibe chifukwa chosalira mnzathu pa nkhani imeneyi. Chimene chimafala ndi matenda a maso. Tikukumbukira nthenda ya maso ofiira imene inabuka ku Karonga kumayambiriro kwa 2024 n'kufalikira m'maboma ena. Nthenda yotere imayenda kudzera m'manja, m'mipango ndi m'zopakapaka. Aliyense akhale ndi pensulo yakeyake.

Lezala ndi nkhani ina. Ambiri timameta nsidze ndi lezala tisanajambule ndi pensulo. Lezala imacheka, ndipo magazi angathe kupatsira matenda a chiwindi a hepatitis B ngakhalenso HIV. Ku saluni tipite ndi lezala yathu, kapena tionetsetse kuti atsegula yatsopano ife tikuona. Ngati pa zikope kapena pa nsidze pali tinjerewere tosalala tokhala ndi kadzenje pakati, tisametepo, chifukwa lezala imatifalitsa nkhope yonse.

Masikara akatsegulidwa asapitirire miyezi itatu. Akauma tiwataye, tisathiremo madzi kapena malovu. Pensulo tiziisongola kawirikawiri, ndipo tizipaka kunja kwa chikope, osati m'kati momwe muli misozi. Ufa wakuda wopaka m'maso wogulitsidwa wopanda chikutiro nthawi zina umapangidwa kuchokera ku mwala wa mtovu, ndipo mtovu umaononga ubongo wa mwana. Tisapake ana m'maso. Nsidze zomata zimatidwe ndi guluu wake wa nsidze, osati womatira tsitsi kapena nsapato. Tisanagone tichotse zonse ndi kansalu koyera.

Amene maso awo amayabwa kapena kutuluka misozi pafupipafupi achepetse zopaka, ndipo asankhe zopanda fungo ndi zopanda tinthu tonyezimira. Diso likafiira, likatuluka manthongo kapena sokera, tisiye kupaka chilichonse mpaka litapola, ndipo zimene timagwiritsa ntchito pa nthawiyo titaye. Mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga ndi masamba ofinya siziyenera kulowa m'diso.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Pali zinthu zina zimene tikaziona tisapake kanthu, koma tipite ku chipatala tsiku lomwelo.

Choyamba, zidzolo zotuluka titangoyamba mankhwala atsopano monga Bactrim kapena mankhwala a TB, makamaka ngati thupi likutentha, m'kamwa muli zilonda, maso afiira kapena khungu likusupuka. Ma ARV okhala ndi nevirapine, amene ambiri tinkamwa kale, ankadziwika ndi vutoli. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, omwe sabweretsa zidzolo kawirikawiri, komabe tikhale tcheru.

Chachiwiri, mashingozi otuluka pamphumi, pa chikope kapena pa nsonga ya mphuno. Amenewa angathe kuononga diso.

Chachitatu, zigamba zakuda zosayabwa, zina zotukuka, m'miyendo, kumaso kapena m'kamwa, makamaka ngati mwendo ukutupa. Ikhoza kukhala khansa ya Kaposi, imodzi mwa khansa zofala m'Malawi muno. Chithandizo chake chilipo, koma ma steroid amaikulitsa, ndipo paudala amangoibisa nthawi n'kumatha.

Chachinayi, kachotupa koyera kapena kotuwa komera pa mbali yoyera ya diso, kapena kuyamba kuona mwachimbuuzi.

Pomaliza

Pogula tiyang'ane zinthu zinayi: dzina la wopanga, zimene zili m'katimo, tsiku lothera mphamvu, ndiponso ngati chivindikiro sichinatsegulidwepo. Mafuta atsopano tiyambe tayesa pa kamalo kakang'ono ka pa mkono n'kudikira masiku awiri. Mankhwala enieni tigule ku famase yolembetsedwa ndi bungwe la PMRA, limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, osati pa benchi la padzuwa.

Tikukupemphani atsogoleri a magulu othandizana ndi alangizi a zaumoyo kuti pa msonkhano wotsatira aliyense abweretse zimene amadzola, muwerengere limodzi zolembedwa pa chikutiro. Abambo, inunso nkhaniyi ikukukhudzani: ngati timayamikira akazi oyera okhaokha, ndife amene tikutuma akazi athu ndi ana athu kukagula timachubu tija. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chake chachibadwa ku dzuwa, ndipo silifuna kukonzedwa.

Pa tsiku lanu lokatenga mankhwala, pindani malaya muwaonetse adokotala chimene chikukuvutani. Safunsa anadya phula.